Timadontho Tapansi pa Mzere

Lachinayi, mwezi wa Malichi. Tsiku loipa.

Sabata yatha abwana athu, a Mhango, anandipatsa chidziwitso choti nditayipe, chopita kumudzi womwe ukusamutsidwa kuti pamangidwe nyumba za Area 10. Mzere wina anali ataukhwatcha, wonena kuti anthu ayambe akolola chimanga chawo thirakitala isanalowe m'minda. Pansi pa mawuwo panali timadontho. Mzerewo sindinautayipe.

Lero andiitana. "Mayi Banda, ku Zomba sanakuphunzitseni? Timadonthoti n'chizindikiro chakale cha osindikiza mabuku. Pachilatini amati stet, ndiye kuti chisiyeni chikhale. Ndinakhwatcha, kenaka ndinasintha maganizo."

Sanakalipe n'komwe. Bola akanakalipa.

Chikundiwawa n'chakuti timadonthoto ndinatiwona, mtima n'kundiuza kuti ndifunse. Koma ndinkathamangira basi ya ku Old Town, ndiye ndinangoti cholembera chawo chimadontha inki.

Poweruka basi yathu yadutsa pamindapo. Chimanga chonse chili pansi, chachiwisi. Mayi wina amachitola m'matope, n'kumakulunga m'chitenje. Atadzutsa mutu kuyang'ana basi, ine ndinazolika.