Mapiritsi Andithera ku Kasumbalesa

Okondedwa achimwene a Gelesomu,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Kasumbalesa, mbali ya Congo. Kodi muli bwanji pamodzi ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Kalatayi ndapatsira mnzanga wodzera ku Mchinji, poti foni yanu amaseweretsa ana.

Ine ndili moyo, koma mtima suli m'malo. Thiraki yanga yadzaza mkuwa uja timati kopa, mapepala akuti akusowa chidindo, ndiye tangokhala pamzere kudya fumbi. Mwezi watha ndili pompano.

Vuto ndi ili, achimwene: mapiritsi anga aja anatha. Ndimalandirira kutsidya, mbali ya Zambia, pa kachipatala ka m'kontena kamene boma linagwirizana ndi makampani athu. Boma limapereka mankhwala ndi namwino, makampani amalipira kontenayo ndi magetsi. Tsiku lotsegulira anatigawira malaya, bwana wathu n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Tinaomba m'manja mpaka kuwawa.

Pobwera ndinadutsa pakhomo penipeni. Namwino wake, mayi Mwape, anandikodola, koma mzere unali ukuyenda, ndipo kuno ukangoima malo ako apita. Ndinati ndidzatenga pobwerera.

Ndaimbira ku ofesi kupempha kuti ndiwoloke wapansi. Andiyankha kuti dalaivala sasiya katundu, ndikasiya ntchito yatha, za umoyo ndifunse kuchipatala. Mayi Mwape nawo, nditawaimbira, akuti lamulo la boma silola kupatsira wina mankhwala kuti awoloke nawo, mwini wake afike. Anandikalipira ngati mwana, kenaka mawu awo anafewa, n'kuti alibe chochita. Anzanga akundiseka kuti ndimeze malaya aja, mwina nawonso ndi mankhwala. Ndikakwera pamwamba pa katundu, denga la kontenayo ndimaliona, dzina la kampani yathu lili pomwepo. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Mukudziwa kuti mkazi wanga Dolika alibe kachilomboka. Zaka zonsezi amatetezeka chifukwa ine ndimamwa mosadumphitsa. Tsopano akuti kakhoza kudzuka, ndipo ndikayambiranso tidzafunika makondomu mpaka magazi anga adzaoneke bwino.

Pempho langa ndi limodzi, poti inu ndinu ankhoswe athu. Mutumeko alamu akakhale pansi ndi mkazi wanga ndisanafike. Dolika ndimamudziwa: akadzaona paketi ya makondomu m'chikwama changa adzati ndapeza wina kumsewu, ndipo pakamwa pa dalaivala sadzapakhulupirira. Akamuuze kuti palibe mkazi aliyense. Ndagona ndekha m'thiraki muno, kulondera kopa wa eni ake.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi kwa ana onse. Mwana wanga Tiyese mumuuze kuti nsapato zake ndinagula, zili pansi pa mpando, kaya zidzamukwanabe.

Ndine mng'ono wanu,
Lameki