Chingwe cha Janeti

Likhubula, Mulanje
Masika a 1908

Okondedwa achimwene a Danieli,

Muli bwanji kuntchitoko ku Halale? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno amayi ali bwino, bondo lokha ndilo likuwavuta. Ine moyo ulipo, koma mtima wakana kukhala pansi.

Alamu anu a Rusitamu anatisiya mwezi wathawu ndi malungo. Ndikudziwa simunkawafuna, munkati mlongo wanu ndakwatiwa ndi Mmwenye wopembedza moto. Iwo ankakana zimenezo. Ankati Mulungu ndi mmodzi, moto ndi kuwala kwake chabe, ndipo makolo awo anachokera ku Perisiya, dziko lija tinkalimva kumishoni.

Anzawo awiri aja mukuwakumbukira? A Damodara, Mhindu wa sitolo ya nsalu, ndi a Menashe, Myuda wogula fodya. Atatuwa ankakhala pakhonde pathu kukangana za chipembedzo chimene chinayamba kubadwa, mpaka tiyi kuzizira. Aliyense ali ndi chingwe chake: alamu anu m'chiuno, a Damodara paphewa, a Menashe mphonje kumalaya a m'kati. Ine ndinkawaseka kuti kwathu mkuzi timamanga makanda, osati madoda a ndevu.

Akatopa ankagwirizana. A Damodara ankati makolo awo ndi a alamu anu anali mbumba imodzi, ankasonkha moto umodzi asanapatukane. A Menashe ankati mfumu ya ku Perisiya ndiyo inamasula Ayuda ku ukapolo, choncho nawonso ndi abale.

Ubale umenewo ndi umene wandiika pamoto, achimwene.

Tsiku la maliro a Damodara anabwera ndi ngolo ya nkhuni, ati atenthe mbale wawo monga amachitira kwawo. Mayo ine! Munthu amene sankalola ngakhale tsitsi kugwera pamoto, amene nyale sankaizima ndi pakamwa! Ndinakhala pankhunipo ndi kukana. A Menashe anandithandiza, ndipo alamu anu tinawaika m'manda oyala miyala kunsi kwa phiri. A Damodara analira, anapepesa, ati ankayesa ulemu.

Tsono akufuna kukonza cholakwacho, ndipo akukonzera pa mwana wanga.

Janeti wafika msinkhu womangidwa chingwe cha chipembedzo cha bambo ake. Kachingweko kanabwera kale kuchokera kwawo ku Bombe, kutsidya kwa nyanja yamchere, koyera, kaubweya wa nkhosa. Koma womanga ayenera kukhala wansembe wawo, ndipo kuno kulibe. Alamu anu ali pafupi kutsirizika anandigwira dzanja, anati ndilonjeze kuti mwana adzamangidwa. Ndinavomera. Mukanakhala inu mukanatani, munthu akupuma movutika chotero?

A Damodara anali pomwepo, anamva. Akazi awo akupita ku Bombe mapira akakololedwa, kudzera ku doko la Chinde, ndipo akuti atenge Janeti akamupereke kwa azakhali ake. Ndinafunsa kuti adzabwera liti. Anayang'ana pansi. A Menashe anandiuza poyera kuti ana owoloka nyanja ija kawirikawiri sabwerera, komanso sakudziwa ngati ansembewo angalandire mwana wa mayi wachikuda.

Ndiye kuti akhoza kupita, n'kukanidwa, n'kutsala wopanda kwawo.

Sindikukhazikika. Ndikapita kumunda ndimabwerera ndisanalime, kukaona ngati mwana alipo. Dzana ndinamupeza akuyesa kachingwe kaja pamwamba pa mkuzi umene amayi anamumanga ali khanda. Anandifunsa ngati zingwe ziwiri zimayambana. Ndinangomuuza kuti akasonkhezere moto wa bambo ake, poti sitinauzimebe.

A Damodara si munthu woipa. Koma ubale wawo ndi wa makolo akalekale, pamene wanu ndi wa bere limodzi. Ndinawauza kuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndipo anavomera kudikira mawu anu, poti mwambo amaulemekeza.

Choncho kanani, achimwene. Ine pakamwa panga panatsekedwa ndi lonjezo kwa womwalira, sindingakane. Inu simunalonjeze kanthu. Kale munkakana alamu anu ine ndikulira. Lero ndikukupemphani mukanenso, mokweza, ndipo ndidzakuthokozani.

Yankhani msanga, mapira ayamba kale kufiira.

Mupereke moni kwa alamu a Joice ndi ana. Mulungu, amene atatu aja ankati ndi mmodzi, akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esteri