Buku la malamulo pamimba

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale kulemba kalata kumakuvutani ngati kukumba chitsime. Ife tilipo.

Mwamva kuti mng'ono wanga akukwatira. Mkazi wake ndi yemwe uja ndinkayenda naye ndili ku yunivesite. Amayi alamula kuti ndikaimbe paukwatipo, poti digiri yokaonetsa ndilibe. Sindifuna anthu akandimvere chisoni, ndiye ndikuphunzira kuimba kwa mayi ena okalamba.

Amandigoneka chagada n'kundisanjika buku lolemera pamimba kuti ndiphunzire kupuma. Ndinapita ndi buku langa la malamulo lija, ndipo lagwira ntchito koyamba. "Mpweya uzichokera m'mimba, bambo, osati pakhosi ngati tambala wachimfine," amatero.

Tsopano ndimakoka mawu mpaka galu wawo kutuluka panja. Koma dzulo anandiimitsa. "Nyimbo yonse mukuyenda bwino. Nanga bwanji mukafika pa dzina la mkwatibwi mawu amanjenjemera?"

Ndinawauza kuti kapeti wawo ali ndi fumbi.

Mukabwera, mudzakhale kutsogolo. Ndikadzafika pa dzina lija, mudzatsokomole mwamphamvu.

Ndine msuweni wanu wosamaliza sukulu uja.