Ndamuuza zonse za kantemba

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale pansi.

Nyumba imene akupenta patsidya pa msewu idzakhala sitolo. Eni ake ndi a sitolo yaikulu ya m'tauni. Akuti anthu atopa ndi kukwera minibasi pokagula zinthu, ndiye akutsegula timasitolo kufupi ndi makomo, kuyambira kuno ku Kabwata.

Masana ku kantemba kathu, kagolosale kakang'ono, kunabwera mtsikana wovala yunifomu yawo, waulemu ndithu.

"Ba tate, bantu kuno bagula chani maningi?"

Ndinamupatsa mpando wa malemu mkazi wanga, amake Tisa, poti mlendo saimirira. Ndinamuuza zonse: ufa wa m'timapepala, mafuta oyeza m'kabotolo, makandulo magetsi akathima, buledi ana asanapite kusukulu. Zimene amake Tisa anaphunzira pawindo la kantemba kathu, ine ndazipereka pamodzi ndi kapu ya madzi.

"Zikomo ba tate, mwatithandiza maningi."

Atawoloka msewu m'pamene ndinazindikira.

Mpando ndaubwezera pamalo pake. Makasitomala akawolokera uko, kantemba katsekedwa, ndipo sindidziwa kumene ndizikakhala kukacha. M'nyumba muli zii. Tisa anaimba foni, ndinangoti kwatentha.