Mmene Tinachotsera Regulo

Chingodzi, Tete
Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Emily,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana onse pa Thambani. Bondo lija munagwa nalo kuchitsime lapola? Ine kuno ndilipo, koma ndisakunamizeni kuti ndili bwino. Miyendo yatupa, nsapato sizikulowa, ntchito ya ulonda ija ndinasiya mu Ogasiti. Dzuwa la Tete mwezi uno ndi loti ngakhale mbuzi zikuthawira pansi pa mathiraki.

Kalata yanu ndalandira. Mwati Austin wafika kumudziko akufuna ukhansala. Mwati anabwera pakhomo panu, anagwada, analira za malemu mlamu wanu Cristina mpaka amayi a mvano onse analira naye, n'kukusiyirani zitenje za nkhope yake. Mwafunsa ngati ndi munthu woona, poti ndakhala naye kuno. Mwatinso alamu akuti zamavotizi n'zachabe, bola dziko likanangosiyidwa m'manja mwa mafumu. Ndiyankha zonse ziwiri, kenako ndili ndi pempho limodzi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye mawu okometsa ndilibe.

Kuno ife a ku Malawi tili ndi bungwe lathu la maliro. Ntchito yake ndi imodzi basi, kuti munthu asaikidwe kuchilendo. Zaka zoposa makumi awiri mutu wake anali a Jaime, mkulu wa ku Neno amene anafika kuno nkhondo itangotha. Palibe anawasankha, anayambitsa okha n'kukhalapo. Tinkawatcha Regulo, ndiye kuti mfumu pa Chipwitikizi. Munthu wosaseka, wamwano. Ukatsutsa pa msonkhano ankakukhazika pansi ngati mwana. Mlembi anali mwana wawo, wosunga makiyi mphwawo.

Koma chimene tinkadana nawo kwenikweni ndi ichi. Akamva kuti wina wadwalika ankabwera osaitanidwa, n'kumuyang'ana wodwalayo m'maso ndi kumapazi. Akatero ankatulutsa mwini nyumba panja n'kumuuza kuti uyu sadzuka, mumukweze chapa mawa lomwe, akawoloke malire pa Zobue akadapuma. Chapa ndi minibasi zakuno. Ankati wamoyo amawoloka ndi pasipoti yake yokha, pomwe mtembo umafuna pepala la kuchipatala, la boma, bokosi lomata ndi galimoto yovomera, ndipo kutentha kwa Tete sikudikira sitampa. Anthu ankati mkuluyu ndi mfiti, amalodza ndi pakamwa.

Ndiye kunabwera Austin, akugulitsa kaunjika pamsika nthawi imeneyo. Mwamuona nokha. Amadziwa dzina la mwana aliyense, amakulandira thumba m'manja, amaseka nthabwala yako ngakhale yosakoma. Anati ino ndi nthawi ya demokalase, bungwe si munda wa munthu mmodzi, tiyeni tivote. Zinali zoona, achemwali, mpaka lero ndikuti zinali zoona. Tinavota pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa tchalitchi, aliyense kuima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Ine ndinali wachitatu pa mzere wa Austin. A Jaime atacheuka anapeza anthu anayi. Anandiyang'ana ine, anavala chipewa, n'kumapita.

Chaka chatha mkazi wanga Cristina atayamba kufooka, a Jaime anabwerabe ngakhale analibe mpando. Anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti ndipite naye Cristina kwawo ku Malawi sabata yomweyo. Ndinawathamangitsa. Ndinawauza kuti ufumu wawo unatha, akalodze kwina. Tsiku lomwelo Austin anafika ndi malalanje. Anamuseketsa Cristina mpaka anakhala tsonga pamphasa. Anandiuza kuti amayiwa achira, ndipo zikavuta iye alipo, za mapepala zonse ndimusiyire. Ndinatenga mawu okomawo. Inu mukanatani?

Cristina anatisiya Lachinayi m'mawa. Foni ya Austin inalira tsiku lonse osayankhidwa. Lachisanu anayankha ali ku Blantyre pa msonkhano wa akuluakulu a chipani chake, ati akunyamuka. Analira pa foni, kulira kwenikweni, ndinamva ndi khutu langa. Loweruka ati galimoto yapezeka, tipirire pang'ono. Koma panalibe pepala ndi limodzi lomwe limene linayambidwa, mlembi wake sankadziwa n'komwe khomo loyambira. A Jaime ndi amene anadzayenda maofesi ndi ndodo yawo, koma Loweruka zitseko zinali zotseka, kosungira mitembo kunali kodzaza, ndipo thupi silikanadikira Lolemba. Lamulungu tinamuika kuno, pakati pa anthu osawadziwa. Mkazi amene anandilumbiritsa kuti ndidzamugoneke pafupi ndi mayi ake. Amene anandigwira mkono pamanda ndi a Jaime omwewo. Sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena.

Ndiye mukandifunsa ngati Austin ndi woipa, ndikuti ayi. Sanabe kanthu. Misozi imene munaionayo ndi yeniyeni, kungoti amalira msanga n'kuiwala msanga. Matenda ake safuna munthu amukwiyire, ndiye amakuuza chimene khutu lako likufuna. Munthu wotere ndi wabwino kukhala naye pa ukwati. Pa mpando ayi.

Koma alamu asaombe m'manja. Muwauze kuti Regulo yemweyo anakaniza bungwe kuthandiza maliro a mwana wa bambo wina wa ku Balaka, chifukwa choti bamboyo anamutsutsa pagulu. Panalibe kokadandaula, tinangong'ung'udza m'nyumba zathu. Mfumu ikakhala yabwino ndi mwayi wanu. Ikaipa mumadikira imfa yake, n'kulowa wa magazi ake omwewo. Wavoti mumatha kumuchotsa, ndipo Austin tinamuchotsadi mu Janyuwale, n'chifukwa chake watulukira kwanuko. Voti siinalakwe. Tinalakwa ndife, timavotera mano oyera. Ine ndakhala pansi pa onse awiri, ndipo mkazi wanga ali m'dothi la Tete. Zoti chabwino n'chiti akayankhe ophunzira.

Mukafuna kumuyesa, akabweranso mumufunse pamaso pa amayi a mvano kuti atchule chinthu chimodzi chimene sadzatha kukuchitirani. Akati zonse adzatha, mwayankhidwa.

Tsopano pempho langa. Lachiwiri lapitali a Jaime anabwera kuno. Akalamba, akuyenda chogwira makoma. Moni sanapereke bwinobwino. Anayang'ana mapazi angawa, anadina chala pa mwendo, dzenje linatsala osabwerera. Panalibe mwini nyumba woti amutulutse panja, ndiye anangondiuza ine mwiniwake kuti ndikwere chapa. Ulendo uno sindinawathamangitse. Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, tinakhala limodzi mpaka mthunzi unasuntha.

Choncho ndikubwera Loweruka la sabata yamawa pa chapa cha m'mawa, ndipo pa Zobue pasipoti ndidzaonetsa ndekha ndi dzanja langa. Ndikupempha mundikonzere kanyumba kaja ka malemu amayi. Muchotsemo makasu ndi matumba, mufolere pamene pakudontha mvula isanagwe. Sindidzakuvutitsani nthawi yaitali. Mwana wanga Ivan akuti ndidikire Disembala atenge tchuthi ku mgodi ku Moatize adzandiperekeze, akuti ndichira. Ndi mwana wabwino, koma ndamuuza kuti mawu amenewo ndinawamvapo kale.

Chondiwawa n'chakuti ndikumusiya Cristina yekha kuno. Dzulo ndinapita kukamutsanzika. Ndinasesa pamanda, ndatapa dothi lake m'kachitini ka mkaka, ndamanga pakamwa ndi nsanza. Ndidzalithira pafupi ndi mayi ake. Pa lonjezo lonse lija, chimene ndingakwanitse n'chimenecho.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mkangano wa mafumuwu tidzaumaliza pakhonde ngati mpweya udzalola. Moni kwa mwana wanu Tadala ndi ana ake, kwa azakhali a kuseri kwa phiri ngati akumvabe, ndi kwa adzukulu onse. Akwawo kwa Cristina musawauze kanthu, ndidzapita ndekha kukapepesa.

Zitenjezo valani, nsalu ilibe mlandu. Koma tsiku langa likadzakwana, chonde achemwali, musadzandifunditse nkhope ya Austin.

Ndine mlongo wanu,
Alufeyo