Dzina la Yoramu pa Pulani ya Labotale

Kitwe
18 Okutobala 1981

Okondedwa alongo anga a Dainess,

Muli bwanji kumeneko ku Kasisi? Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine ndilipo, ngakhale dzuwa la kuno likufuna kutiwamba. Sopo wasowanso. Munthu umaima pamzere theka la tsiku n'kubwerako ndi fumbi lokha.

Ndikadali pa ntchito yokopera mapulani a nyumba. Anzanga amene ankaonera mayankho anga ku yunivesite lero ndiwo amasaina, ine n'kumawasongolera mapensulo. Abwana anga ndi mphunzitsi wathu wakale uja anasiya choko n'kutsegula kampani.

Tapatsidwa ntchito ya labotale ya sayansi pa koleji ina. Makina oziziritsa m'nyumba sakupezeka, poti amachokera kunja, ndipo a koleji akufuna nyumba yosadya magetsi. Ndiye abwana anatulutsa pulani yakale m'kabati, ati ndiikopere bwino, ndi nzeru zawo za kalekale.

Alongo, ndinaizindikira ndisanaitambasule yonse. Ndi ija tinajambula ine ndi Yoramu, mwana wa amayi Tisauke, m'chaka chathu chachitatu. Mazenera ayang'ana kumpoto ndi kumwera kuti kuwala kulowe koma kutentha kutsale panja. Mpweya ulowa m'mabowo a m'munsi n'kutulukira kudenga pamodzi ndi fungo la mankhwala. Yoramu anaonera nkhokwe ya amayi ake. Tsiku lomwe tinaipereka, abwana omwewa anatiseka pamaso pa kalasi yonse, ati anatituma labotale osati mosungira chimanga. Lero nkhokwe ija akuinyadira!

Pa ntchito yathu ukalakwitsa, inki umaipala ndi lezala. Koma pepala siliiwala. Nditalikweza pazenera ndinaona pakona ya m'munsi zilembo za Yoramu zopendama zija, dzina lake lonse, loyera ngati chipsera.

Anapala si abwana. Ndine. Apolisi achinsinsi a magalasi akuda atamutenga Yoramu chifukwa cha timapepala todzudzula chipani, ankafunafuna aliyense amene dzina lake linagundana ndi lake. Ndinatenga lezala. Sizinandipulumutse, anandichotsabe sukulu. Iye mukudziwa mmene anabwerera, ndi kuti sanathe chaka ali moyo.

Chionereni pulaniyo, ndikawerama pa tebulo ndimamva munthu akupuma kumbuyo kwanga, monga Yoramu ankachitira poyang'ana mizere yanga. Dzulo masana ndinamuyankha mokweza, anzanga onse n'kuleka kujambula.

Pulani yatsopano ipita kwa akuluakulu pa 6 Novembala. Ndikufuna kulemba dzina lake pakona paja, ndi inki. Abwana akandichotsa achotse, si ntchito yoti munthu n'kuilirira. Koma dzina la munthu amene anamangidwapo likaoneka pa pepala lopita ku boma, chitseko chimene angagogode ndi cha amayi ake. Ndinapala osafunsa munthu. Kulemba sindilemba osafunsa.

Choncho pempho langa ndi ili. Pitani nokha kwa amayi Tisauke, a tcheyamani a chipani asamve. Muwafotokozere zonse, muwafunse ngati alola. Akafunsa amene anafufuta mwana wawo, musazungulire, mutchule ine. Akakana ndimvera, pakonapo pakhala poyera, ndipo langa silikhalaponso. Yankho mupatsire a Lawson, adalaivala a lole amene akupatseni kalatayi. Ku positi ayi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Evaristo, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Kwa amayi Tisauke musanene kuti ndapereka moni mpaka atayankha. Sindikudziwa ngati angaulandire.

Ine mlongo wanu,
Sanford