Siteshoni ya Alamu Anga a Petro

Nambuma,
Lilongwe.
14 Julaye 2024

Okondedwa achemwali a Olive,

Ndikudziwa kuti mukaona envulopu iyi museka, muti aphunzitsi abwerera ku nthawi ya makolo, foni ili m'thumba koma akulemba kalata ngati akufunsira mbeta. Sekani ndithu. Ndayesa katatu kukuuzani nkhani iyi pa foni, ndipo katatu konse ndathera kukamba za mtedza. Ndiye ndati bola pepala, chifukwa papepala sindinganamizire netiweki. Ndapatsira a Chrissy a kwa a Davie, amene akukwera basi ya ku Durban Lachiwiri.

Kuno tilipo. Amayi mawondo aja akuwavutabe, makamaka ndi kuzizira kwa mwezi uno, koma ku Misa sajomba. Akuti mukamabwera musaiwale mafuta opaka aja onunkhira bulugamu. Chimanga sitinakolole chosangalatsa, dzuwa la mu Febuluwale linatikhaulitsa, koma mtedza wayesako. Lachinayi ndinapalasa njinga kupita ku Kabudula kukaona chiliza cha alamu anga. Amisiri agwira ntchito yabwino, kwangotsala kulemba dzina. Bambo mfumu avomera tsiku lija la pa 17 Ogasiti, ndipo akuchimuna akuti zophika zisativutitse, agwirizana kale okhaokha.

Tsopano ndifike pa chimene mwakhala mukundifunsa kuyambira Epulo, mawu aja amene a Petro ankalemba mu gemu, amene mukufuna kuti ena tidzawerenge pa chiliza. Achemwali, mawuwo kulibenso. Anafufutika pa 2 Juni, ndipo amene anachititsa ndine. Ndalemba zimenezi poyambirira kuti musawerenge kalata yonse muli ndi chiyembekezo. Zotsalazi ndikungofuna mudziwe mmene zinayendera, chifukwa muyenera kudziwa.

Inu gemu ija simunaikonde, munkaitcha mkazi wachiwiri wa amuna anu, choncho ndikufotokozereni pang'ono. Munthu amakhala ndi chombo choyenda pakati pa nyenyezi, amakumba miyala, ndipo akalimbika amamanga siteshoni yake yosungiramo katundu. A Petro yawo anaimanga zaka zitatu, naitcha Chigafa, ati poti munthu wa ku Kabudula ngakhale apite kumwamba amafuna poyanika fodya. M'siteshoni iliyonse mumakhala buku lolembamo mwini wake yekha. Anthu ambiri amalembamo kuchuluka kwa miyala. Alamu anga ankalembamo za moyo wawo.

Ine chimene chinandikokera mu gemuyo si nkhondo zake ayi, koma kufufuza. Eni ake sanena malamulo onse, amasiya kuti osewera azitulukire okha, ndipo kwa mphunzitsi wa sayansi wopanda labotale ngati ine, chimenecho chinali ngati kupatsa mbuzi munda wa nyemba. Loweruka masana ndinkakhala pachulu chija cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira, a Petro ali ku Durban, n'kumayesa zinthu. Kodi chombo chodzaza miyala chimachedwa bwanji poyerekeza ndi chopanda kanthu? Tinathamangitsa zombo ziwiri maulendo makumi anayi mpaka tinapeza yankho. Kodi n'zoona kuti miyala ya pafupi ndi nyenyezi yofiira imatuluka yambiri? Linali bodza, tinataya milungu isanu. Iwo ankatopa n'kumati, "Alamu, inu mukadzafa adzakuikani ndi rula m'manja." Ine ndinkayankha kuti bola rula kusiyana ndi kukhulupirira zam'maluwa. Zonse ndinkalemba m'kope lofiira, ndipo kopelo ndili nalo mpaka lero, lodzaza manambala.

Mukumbukira tsiku lija titaika maliro, munandikokera kuseri kwa nyumba n'kundipatsa kapepala ka mawu achinsinsi olowera mu akaunti yawo. Munati, "Boniface, ine sindingathe kuwerenga, mtima sulola. Iwe ndiwe malume ake a Nellie, usunge. Ukapeza nthawi ukopere m'kope." Ndinavomera msanga, mwinanso monyadira.

Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa ndinkakwera pachulu n'kulowa mu gemu ndi dzina lawo. Bukulo ndinalitsegula kawiri kokha. Munali zolemba zoposa mazana awiri. Zoyambirira zinali zoseketsa, za abwana awo a ku galaja ndi za inu kukalipa pa nkhani ya bandulo. Koma nditafika za miyezi imene anali kuchipatala, ndinawerenga zitatu n'kutseka, maso atachita chidima. Pansi penipeni panali cholemba chimodzi cha mutu wakuti "Ya Nellie, adzatsegule yekha akadzakwanitsa zaka khumi ndi zisanu." Chimenecho sindinakuuzenipo. Sindinachitsegule, poti sichinali changa. Ndinkati ndidzakopera zinazo pa holide, holide ikafika ndinkati ikubwerayo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mu Malichi ndinatanganidwa ndi kuchonga mayeso a Fomu 4, ndipo Malamulungu awiri anadutsa ndisanalowe mu akaunti yawo. Nthawi yomweyo m'gulu lathu la osewera munabuka mkangano. Gemuyo ili ndi lamulo lakuti siteshoni imene mwini wake sanalowemo masiku 90 ikhoza kuchotsedwa. Mawu akuti "ikhoza" ndi amene anatisokoneza. Ine ndinkati ngati chombo cha mnzako chikufika pa siteshonipo n'kumathirapo mafuta tsiku ndi tsiku, gemu imaona kuti malowo ndi amoyo ndipo siiwerenga masiku. Kizito, uja amakonza mafoni pa msika wa Nsaru, ankati zimenezo n'zopeka, chimene chimawerengedwa ndi kulowa kwa mwini basi. Tinakangana sabata yathunthu. Panalowerera a ku Kenya, a ku Brazil, wina wa ku Poland, aliyense ndi maganizo ake, koma panalibe wofuna kupereka siteshoni yake kuti tiyesere.

Apa ndi pamene ndinachimwa. Ndinaona kuti Chigafa chakhala kale masiku makumi awiri osalowedwa, ndipo mumtima ndinati awa ndi masiku aulere, kwatsala 70 okha. Ndinalemba m'gulu kuti ndili nayo siteshoni yoyesera. Sindinanene kuti ndi ya munthu amene anatisiya. Mundifunsa kuti bwanji sunayambe wakopera kaye mawuwo? Chifukwa bukulo limatseguka pokhapokha utalowa ndi dzina la mwini, ndipo kulowa kamodzi kokha kukanabweza masiku onse pa ziro. Ndinaumira masiku makumi awiri, achemwali. Palibe chifukwa china chimene ndingakupatseni.

Ndiye m'mawa uliwonse ndisanalowe m'kalasi ndinkayendetsa chombo changa kukathira mafuta pa Chigafa, n'kulemba tsiku m'kope lofiira. Inu mukaimba n'kufunsa za mawu aja ndinkati ntchito ikuyenda. Ikuyenda kuti? Ndinkadzinamiza kuti a Petro akanakhalapo akanasangalala, poti kufufuza tinkachitira limodzi. Koma iwo sanayesepo kanthu ndi chinthu cha munthu wina. Ngakhale pa mpikisano wa zombo uja ankaumirira kuti chombo chopita kowopsa chikhale chawo.

Tsiku la 83, dzina la siteshoni linasintha mtundu, kuchoka pa loyera n'kukhala lofiira. Ndinalijambula n'kutumiza m'gulu. Masana ake Kizito anatseka shopu yake n'kubwera pa njinga yamoto mpaka kunyumba. Anandipeza ndikuswa mtedza pakhonde, ndipo anakana ngakhale mpando.

"Aphunzitsi, siteshoni ija ndaizindikira," anatero. "Ndi ya malemu a Petro, eti?"

Ndinavomera.

"Ndiye lowanimo lero lomwe. Kufiirako ndi chenjezo. Ine ndilemba m'gulu kuti mwapambana ndinu, ndinalakwitsa ndine. Zithe."

"Kuvomera kwako si umboni," ndinamuyankha. "Mwina imafiira chabe koma osachotsedwa. Tikasiyira apa sitidzadziwa."

"Kodi tikapanda kudziwa tifa? Muli chiyani m'menemo?"

"Miyala basi."

Apo anangoti, "Chabwino, ophunzira ndinu," n'kuliza njinga yake. Munthu anawotcha mafuta ake kudzandipatsa khomo lotulukira ulemu wanga uli wonse, ine ndinamunamiza n'kubwerera ku mtedza. Ndikaganiza za tsiku limenelo ndimachita manyazi kuposa tsiku lina lililonse.

Pa 2 Juni linali Lamulungu, tsiku la 91. Titatuluka m'tchalitchi ndinawaperekeza amayi mpaka pa mjigo, ine n'kukhotera kuchulu. Ndinali nditakonzeratu mawu okanyoza nawo Kizito. Chombo changa chinafika pamalo paja, koma panalibe kanthu, nyenyezi zokhazokha. Ndinaganiza kuti ndasochera, ndinabwerera n'kuyambanso ulendo. Kenako ndinatulutsa kapepala kanu n'kulowa ndi dzina la a Petro. Akaunti inatseguka. Chombo chawo chakale chinalipo, koma siteshoni ndi buku lake zinali zitapita. Ndinakhala pachulupo mpaka linthumbu linandithamangitsa.

Ndinalembera eni gemu kanayi, m'Chingerezi changa chonse cha ku koleji. Ndinafotokoza za maliro, za inu, za mwana. Anandiyankha mwaulemu kuti apepesa kwambiri, koma zimene zachotsedwa sasunga, ndipo chenjezo anatumiza ku imelo ya mwini wake. Sindingawaimbe mlandu. M'gulu anthu anandithokoza chifukwa cha kafukufuku wabwino, ndipo wa ku Poland uja anaika zotsatira zake pa tsamba lothandiza osewera atsopano, dzina langa lili pansi. Kizito sanalembe kalikonse. Tinakumana pa msika sabata yatha, tinapatsana moni, osatchula.

Pali china choti ndiulule, ndipo ichi n'chimene chandichedwetsa masabata asanu ndi limodzi. Ndinagula kope latsopano n'kuyamba kulemba ndekha. Kalankhulidwe ka alamu anga ndimakadziwa, nthabwala zawo ndimazidziwa, ndipo ndinadzaza masamba khumi ndi awiri oti inu simukanakayika. Ndinalembanso ya Nellie. Inatuluka bwino kwambiri moti ndinalira poiwerenga. Ndiye ndinadzifunsa kuti ndikulira mawu a ndani? Munali malangizo a sukulu, kulimbikira masamu, kulemekeza amayi, zonse zimene mphunzitsi angauze mwana. Bambo amene akudziwa kuti sadzamuona mwana wake atakula mwina analemba zina zimene ine sindingaziganize n'komwe. Ndinang'amba masambawo n'kuyatsira mbaula.

Zoona zenizeni zimene ndatsala nazo ndi zochepa, ndipo ndizilemba mmene ndikuzikumbukira, osawonjezera. Pena analemba kuti munawabweretsera chigumu kuchipatala ndipo anamwino anachimaliza iwo ali mtulo. Pena anati akachira akufuna kudzalima mtedza ku Kabudula chaka chimodzi chokha, kuti Nellie adziwe kuti sumera m'botolo. Ndipo pena panali mzere umodzi wokha: "Olive watopa koma sakunena." Ngati mukuona kuti n'zoyenera kuwerenga pa chiliza, zilipo zitatuzo. Ngati mukufuna kuti ndidzaime pamaso pa akuchimuna n'kunena chifukwa chake zili zitatu zokha, ndidzaima.

Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, komabe pepani, achemwali. Sindikupempha kuti mundiyankhe msanga. Amayi sindinawauze, osati pobisa, koma ndimafuna mumve inu poyamba. Kapepala kanu ndakaika mu envulopu momwemu. Kalibenso ntchito kwenikweni, koma ndi dzanja la a Petro linalemba, ndipo sikayenera kukhalanso ndi ine.

Amayi akupereka moni wambiri, akuti mufike msanga adzakuoneni maso akadali owona. A kwa a Davie onse akuti moni. Mundiperekere moni kwa anzanu a ku ntchito ndi a mumphakati wanu amene anakugwirani dzanja chaka chathachi.

Nellie mumupsompsone pamphumi. Musamuuze kanthu panopa, akadali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Koma chonde musadzamubisire kuti bambo ake anamulembera kalata yakeyake ali pabedi la chipatala, chifukwa chimenecho chokha sindinathe kuchiwononga. Akadzakwanitsa zaka zija n'kufunsa kuti munali mawu otani, musadzavutike kuyankha inu. Mudzamutumize kwa malume ake, ndidzamuuze ndekha kuti palibe munthu anaiwerenga.

Ndine mlongo wanu,
Boniface